Piyano yaulere ya mwana: mafunso ndi mayankho

Ku America ndi m'mayiko ena a ku Ulaya kuli mabungwe amene ntchito yawo ndi kutola mapiyano amene eni ake sakuwafunanso, kuwakonza, n'kukawatula kwa ana ophunzira nyimbo amene kwawo kulibe ndalama zogulira. Abale athu okhala kunjako akamva zimenezi amatchera khutu. Wina akufunira mwana wake, wina akuganiza zotumiza kumpingo wakwawo, winanso wauzidwa ndi mayi amene amawagwirira ntchito kuti piyano ili pabalazayo akaifuna angotenga. Mayankho ali m'munsiwa ndi a anthu atatu onsewa.

Zoona munthu wanzeru zake angapereke piyano kwaulere? Palibe chimene akubisa?

Nthawi zambiri chimene chamutopetsa ndi kulemera kwake. Piyano yoimirira, yotsamira kukhoma ija, imalemera makilogalamu 200 kapena kuposa, tinene kuti matumba anayi a chimanga omangidwa pamodzi koma opanda pogwira. Ya mapazi atatu yoimbira m'maholo akuluakulu imayandikira makilogalamu 500.

Kale ku America banja lililonse lodzilemekeza linkafuna piyano pabalaza, chifukwa wailesi isanabwere nyimbo za m'nyumba zinkachokera m'manja mwa eni nyumba. Mu 1909 mokha m'dzikolo munagulidwa mapiyano atsopano oposa 360,000. Masiku ano ogulidwa pachaka safika n'komwe 50,000. Koma akale aja sanapite kulikonse, adakali m'nyumba za agogo. Agogo akamwalira kapena akasamukira kunyumba yosungirako okalamba, ana awo amapezeka ndi chinthu chimene sichingakwere masitepe a kumene amakhala, chimene palibe akufuna kugula, komanso chimene kukachitaya kudzala kumafuna kulipira anthu onyamula. Munthu wobwera kudzaitenga ndi galimoto yake amakhala ngati wawatula mtolo.

Ndi mabungwe ati amene amachita zimenezi?

Alipo ambiri ang'onoang'ono, ena amayendetsedwa ndi wochuna mapiyano mmodzi ndi anzake awiri. Odziwika ndi awa, ndipo aliyense ali ndi njira yakeyake.

Pianos for People lili mumzinda wa St. Louis ku Missouri. Linayamba mu 2012, ndipo amene analiyambitsa, Tom ndi Jeanne Townsend pamodzi ndi anzawo, ankakumbukira mwana wawo Alex amene anamwalira pangozi ya galimoto mu 2010. Bungweli limakatula piyano kunyumba kwa banja losowa, komanso lili ndi sukulu yake kumene ana amaphunzira osalipira. Kwa ine apa m'pamene anaganiza bwino koposa, chifukwa piyano yopanda mphunzitsi imasanduka tebulo loikapo zithunzi za ukwati.

Keys 4/4 Kids la ku Minnesota, limene Newell Hill analiyambitsa mu 2000, limatenga njira ina: mapiyano ambiri amene lapatsidwa limawagulitsa motchipa, ndipo ndalamazo n'zimene zimayendetsa ntchito yothandiza ana pa zanyimbo.

Sing for Hope la ku New York linayambitsidwa mu 2006 ndi oimba awiri, Camille Zamora ndi Monica Yunus. Limapereka mapiyano kwa akatswiri ojambula kuti awakongoletse ndi penti, kenako limawaika m'mapaki ndi m'misewu kwa masabata angapo kuti wodutsa aliyense alize. Nyengoyo ikatha mapiyanowo amapita kusukulu zaboma ndi malo ena othandiza anthu. Nzeru yoika piyano pamsewu inachokera kwa Luke Jerram wa ku Britain, amene anaika mapiyano 15 mumzinda wa Birmingham mu 2008, ndipo mu 2010 anagwirizana ndi Sing for Hope kuika 60 ku New York.

Palinso bungwe la katswiri woimba piyano wa ku China, Lang Lang, limene linayamba mu 2008. Ilo silitola zakale ayi. Limaika mapiyano amagetsi m'makalasi a sukulu zaboma kuti ana ambiri aziphunzira nthawi imodzi, aliyense atavala zomvera m'makutu.

Ndinawaimbira kuti ndili ndi piyano yokongola ya agogo, koma anaikana. Amakanirenji mphatso?

Musakhumudwe, amakana ambiri kuposa amene amalandira. Chifukwa chake n'chakuti piyano imakalamba, ndipo ikakalamba imafa. Anthu amamva za mavayolini a zaka 300 ogulitsidwa mamiliyoni n'kumaganiza kuti piyano nayonso imakwera mtengo ndi zaka. Si choncho. Piyano ndi makina. Kuseri kwa makiyi 88 aja, 52 oyera ndi 36 akuda, kuli tizipangizo masauzande ambiri ta matabwa, chikopa, ubweya wa nkhosa ndi waya, ndipo kalikonse kamaperepeseka. Nsambo zake, zimene zimakhala pafupifupi 230, zimakoka chimango chachitsulo ndi mphamvu ya matani 18 mpaka 20 usana ndi usiku, kaya wina akuimba kaya ayi. Matani 18 ndi matumba 360 a chimanga. Ganizirani matabwa amene asenza katundu wotere kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Nthenda yoopsa kwambiri siioneka kunja. Nsambo iliyonse imakulungidwa pa kamsomali kachitsulo kokhomeredwa m'thabwa lolimba, ndipo wochuna akamagwira ntchito yake amapotoza timisomali timeneti kamodzikamodzi. Thabwalo likauma n'kung'aluka, timisomali timakhwepa. Muchuna lero, pofika Lamlungu mawu abwerera pomwe anali. Kusintha thabwa limeneli kumadya ndalama zoposa mtengo wa piyano ina yabwinobwino. Ndiye kunja kungakhale kosema maluwa, kopaka vanishi wonyezimira, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali mitundu inanso imene mabungwe ambiri safuna ngakhale kuiona. Ku America kuli kapiyano kakafupi kofika m'chiuno kotchedwa spinet, kamene makina ake anawapanikiza pansi pa makiyi moti kukonza kanthu kakang'ono kumafuna kumasula zambiri. Ku Britain kuli akale a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria amene mawaya ake amatchinga kutsogolo ngati khola la mbalame, ndipo ochuna ambiri amangopukusa mutu akawaona.

Tsono taganizirani mwana wa zaka 8 amene walandira piyano yotereyi. Kwa mphunzitsi wake nyimbo imamveka bwino, kunyumba yomweyo imamveka ngati poto wagwa. Mwanayo sadziwa kuti cholakwa ndi piyano, amaganiza kuti cholakwa ndi iye. Makolo ake alibe ndalama zoikonzera, alibenso zoichotsera m'nyumba. Wopereka uja anachoka akumva bwino mumtima, koma chimene anachita ndi kusamutsira zinyalala zake kwa munthu wosauka. Bungwe likakana piyano yanu limakhala likuteteza mwana ameneyu.

Nanga ndikapeza munthu wamba akupereka yake pa Facebook, ndiyang'ane chiyani ndisanaitenge?

Choyamba funsani kuti inachunidwa liti komaliza, ndipo anaichuna ndani. Akakupatsani nambala ya wochunayo, muimbireni, adzakuuzani zoona zimene mwini wake sakudziwa. Akayankha kuti sakukumbuka, dziwani kuti zaka ndi zambiri.

Mukafika dinani makiyi onse 88, umodziumodzi, osathamanga. Mverani amene sakulira, amene akukakamira pansi, amene akupitiriza kulira mutachotsa chala. Makiyi awiri kapena atatu okakamira si nkhani, amakonzeka. Koma kiyi mmodzi akamatulutsa mawu awiri osiyana, ngati anthu awiri akukangana, n'kutheka kuti timisomali tija takhwepa. Tsegulani chivundikiro chapamwamba ndi thabwa la m'munsi pafupi ndi zopondera, muunike ndi tochi ya foni. Mukufuna kuona ngati nsambo zachita dzimbiri kapena zaduka, ngati ubweya wa tinyundo togunda nsambo wadyedwa ndi njenjete, ngati muli ndowe za mbewa. Nunkhizaninso. Piyano imene inakhala m'galaja kapena m'chipinda chapansi chachinyezi imanunkha nkhungu, ndipo fungo limenelo mudzalowa nalo m'nyumba mwanu.

M'kati, nthawi zambiri pachimango chachitsulo, mumakhala nambala ya piyanoyo. Ndi nambalayo pamodzi ndi dzina la kampani mutha kupeza pa intaneti chaka chimene inapangidwa.

Koma nzeru yoposa zonsezi ndi kulipira katswiri kuti akaione musanaitole. Ku America kuli bungwe la akatswiriwa lotchedwa Piano Technicians Guild, limene linayamba mu 1957, ndipo limasunga mayina a amene anakhoza mayeso ake. Ine ndinaphunzira mochedwa. Tinanyamulapo piyano ya mnzanga, amuna asanu, kukwera nayo masitepe mpaka chipinda chosanja, wina n'kupweteka msana. Patatha sabata ziwiri wochuna anabwera, anagwira timisomali titatu tokha, n'kulongedza zida zake mwaulemu. Kuitsitsa tinalipira.

Ngati ndi yaulere, ndalama zikulowa pati?

Pakunyamula ndi pakuchuna. Onyamula mapiyano odziwa ntchito yawo amalipiritsa madola mazana angapo, ndipo sitepe iliyonse imawonjezera mtengo. Kuchuna kamodzi m'mizinda yambiri ya ku America kumakhala pakati pa madola 100 ndi 200, ndipo piyano imafuna kuchunidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Imene yakhala zaka zambiri osakhudzidwa imakhala itatsika mawu yonse, choncho katswiri amayamba waikoka kuti ifike pamlingo wake, kenako n'kuichuna bwinobwino, ndipo imeneyo ndi ntchito yolipira payokha.

Ubwino wodzera kubungwe ndi umenewu: ambiri amanyamula okha ndipo amaichuna koyamba. Funsani kuti za chaka chamawa ndi za ndani.

Mwana wanga angalandire bwanji?

Bungwe lililonse lili ndi malamulo ake, koma zofunsa zimafanana. Amafuna kudziwa ngati banja lilidi losowa, ngati mwana wayamba kale kuphunzira kapena ali ndi mphunzitsi womudikira, ngati m'nyumba muli malo, komanso ngati mwini nyumba walola mukakhala kuti mukuchita lendi. Kalata ya mphunzitsi wa nyimbo kusukulu imathandiza kwambiri. Ambiri amathandiza anthu a mumzinda wawo wokha chifukwa galimoto yonyamulira singapite kutali, ndiye musataye nthawi kulembera ku St. Louis muli ku Seattle. Funsani mphunzitsi wa mwana wanu, ogulitsa mapiyano a m'dera lanu, ndi mipingo. Wochuna mapiyano amalowa m'nyumba zambiri pachaka, ndipo palibe womuposa kudziwa kumene kuli piyano yabwino yosowa mwini.

Mndandanda wa odikira umakhalapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi kibodi ngati ya kutchalitchi siyokwanira?

Poyambira ndi yokwanira, ndipo ambiri mwa oimba athu abwino anaphunzirira pa kibodi ya kwaya, Loweruka masana abusa asanatseke chitseko. Koma kibodi yopepuka ya makiyi 61 ili ndi malire ake. Dzina lenileni la chida chimenechi ndi pianoforte, kutanthauza motsitsa ndi mokweza m'Chitaliyana, chifukwa chimene Bartolomeo Cristofori anatulukira ku Florence cha m'ma 1700 chinali chakuti chala chikagunda pang'ono mawu atsike, chikagunda mwamphamvu akwere. Mwana wozolowera makiyi opepuka ngati mabatani akakhala pa piyano yeniyeni zala zimatopa msanga ndipo mawu amatuluka ofanana onse.

Pakati pa ziwirizi pali piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera ngati a yeniyeni. Siifuna kuchuna, anthu awiri amainyamula, ndipo mwana atha kuyeserera usiku osadzutsa oyandikana nawo. Mukandifunsa kuti ndisankhe pakati pa piyano yamatabwa yabwino ndi yamagetsi, nditenga yamatabwa. Pakati pa yamatabwa yakufa ndi yamagetsi, sindingaganize kawiri.

Ndalandira uthenga wa mayi wamasiye amene akupereka piyano ya malemu amuna awo, ndingolipira yonyamulira. Ndilipire?

Ayi. Amenewo ndi akathyali, ndipo nkhani yawo ndi imodzimodzi kulikonse: mwamuna wamwalira, piyano ndi ya kampani yotchuka monga Yamaha kapena Steinway, mayi akusamuka mwamsanga, piyano ili kale m'manja mwa kampani yonyamula katundu, inu mungotumiza ndalama. Mukatumiza pamabuka msonkho, kenako inshuwalansi, mpaka mutatopa. Mu 2024 kampani yoona za chitetezo cha pa intaneti ya Proofpoint inalengeza kuti m'miyezi yochepa ya chakacho inaona mauthenga otere oposa 125,000, ambiri olunjika kwa ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Piyano imene simunaigwire ndi manja anu musailipirire kalikonse.

Akuti makiyi a piyano zakale ndi a minyanga ya njovu. Ndi zoona? Si mlandu kukhala nayo?

Ndi zoona kwa zambiri zopangidwa zaka za m'ma 1950 zisanafike, ndi zina za pambuyo pake. Mukayang'anitsitsa kiyi woyera wa mnyanga mumaona kamzere kopyapyala pamene zidutswa ziwiri zinalumikizidwa, ndipo amakhala wachikasu pang'ono ngati dzino.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa mmene ambiri amaganizira. M'zaka za m'ma 1800 matauni awiri ang'onoang'ono a ku Connecticut, Deep River ndi Ivoryton, ndiwo ankacheka minyanga yambiri yolowa ku America, ndipo yochuluka inkadzera ku Zanzibar. Imodzi mwa njira zopita kugombeko inkachokera kunyanja yathu, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu achiyao, mpaka ku Kilwa, ndipo pa njira yomweyo pankadutsanso akapolo. Munthu wa kwathu akakhala pa piyano yakale ku Boston, n'kutheka kuti zala zake zikugunda njovu yakwawo.

Kukhala nayo m'nyumba si mlandu. Povuta ndi pogulitsa ndi podutsa nayo malire. Pangano la mayiko la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989. Ku Britain lamulo la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limalola kugulitsa chida choimbira pokhapokha chinapangidwa 1975 isanafike, minyanga yake ndi yosakwana magawo 20 pa 100 a chida chonse, ndipo chalembetsedwa kuboma. Wofuna kuitumiza kunja afufuze kaye za zilolezo asanaikweze.

Ndikufuna kutumiza piyano kumudzi, kusukulu kapena kumpingo wakwathu. Zingatheke?

Zingatheke, koma imvani kaye za ena amene anayesa.

Mu 1995 wochuna mapiyano wa ku America dzina lake Ben Treuhaft anayamba kutola mapiyano n'kumawatumiza ku Cuba, kumene ana a m'sukulu za nyimbo ankaphunzirira pa zida zodyedwa ndi chiswe ndi dzimbiri la mphepo ya kunyanja. Ntchitoyo anaitcha Send a Piana to Havana, ndipo inamukanganitsa ndi boma la dziko lake chifukwa cha chiletso cha malonda ndi Cuba. Anatumiza oposa 200. Koma sanalekere pa kutumiza. Ankapita ndi magulu a ochuna anzake, atanyamula nsambo ndi zida, ndipo ku Havana kunatsegulidwa malo ophunzitsira anthu akomweko kuchuna ndi kukonza. Bungwe la Music Fund la ku Belgium, limene Lukas Pairon analiyambitsa mu 2005, limayendera nzeru yomweyo: limatumiza zida zoimbira kusukulu za nyimbo m'mizinda ngati Maputo ndi Kinshasa, koma limaphunzitsanso okonza a kumeneko.

Funso loyamba choncho si la sitima ayi, ndi lakuti: ikafika, adzaichuna ndani? Ngati katswiri ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo piyano ili kumudzi wakutali, wina ayenera kulipira ulendo wake chaka ndi chaka.

Kenako pali ulendo weniweniwo. Kontena imatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda mtunda wautali pamsewu kapena panjanji, ndipo pachipata pali za msonkho zimene muyenera kufunsiratu katunduyo asananyamuke. Ikafika ikumana ndi nyengo yathu. Matabwa a piyano amakonda chinyezi chosasinthasintha, cha pakati pa 40 ndi 50 pa 100. Kwathu mu Okutobala mpweya umauma gwa, mu Januwale zonse zimanyowa, ndiye matabwa amafota n'kufufuma chaka chilichonse, guluu wakale n'kumatuka. Onjezani chiswe, mbewa zimene zimakonda ubweya pomanga zisa, ndi denga lodontha.

Sindikunena kuti musatumize. Piyano yamatabwa ili ndi ulemu umodzi umene kibodi ilibe: magetsi akazima, iyo imapitiriza. Sukulu ya mumzinda imene ili ndi mphunzitsi, chipinda chouma ndi munthu woisamalira ingapindule nayo kwa zaka zambiri, makamaka ikakhala yosakalamba kwambiri. Koma kumpingo wa kumudzi, ndalama zotumizira piyano imodzi yakale zingagule piyano yamagetsi yatsopano, sola ndi batire, n'kutsalako zolipira mphunzitsi.

Ine ndine wopereka. Ndichite chiyani kuti ailandire, ndipo pali phindu lililonse?

Jambulani zithunzi za kunja ndi za m'kati, lembani dzina la kampani ndi nambala ija, nenani masitepe angati amene onyamula adzatsike, ndipo nenani zoona za chaka chimene inachunidwa komaliza. Yambani msanga. Oimba foni Lachinayi kuti akusamuka Loweruka ndi amene piyano zawo zimathera kudzala. Mabungwe ambiri amapempha kuti wopereka athandizeko pa ndalama zonyamulira, ndipo si mwano, chifukwa ndalama zawo zambiri zimathera pamenepo.

Ku America, mukapereka kubungwe lolembetsedwa ngati lachifundo, mutha kuchotsera mtengo wa piyanoyo pa ndalama zimene amakudulirani msonkho. Mphatso yoposa madola 500 imafuna fomu 8283 ya IRS, bungwe lotolera misonkho m'dzikolo, ndipo ikaposa madola 5,000 pamafunikanso kalata ya katswiri woyesa mitengo ya zinthu. Mtengo wake ndi umene ingagulidwe lero, osati umene agogo anagulira. Mukapereka kwa mwana wa oyandikana nawo mwachindunji, palibe chochotsera.

Yafika m'nyumba. Tiike pati?

Pakhoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi windo lolowa dzuwa, kutali ndi chotenthetsera nyumba, kutali ndi nthunzi ya kukhitchini. Musaichune tsiku lomwelo. Ipatseni sabata ziwiri kapena zitatu kuti matabwa azolowere mpweya wa kwanu, kenako itanani wochuna. Pamwamba pake musaikepo mphika wa maluwa wamadzi, ngakhale alendo akubwera.

Iikeni kumene banja limakhala, osati m'chipinda chimene chimatsegulidwa pa Khirisimasi pokha. Mapiyano ambiri akale amabwera ndi kakiyi kotsekera chivundikiro cha makiyi. Kameneko kaikeni m'dirowa yakutali, kuti mwana akabwera kusukulu aziipeza yotsegula.